Za Nthenda ya Amalume Athu ndi Mankhwala Ali Kuyesedwa

Tifuna kukusimbirani zimene zinatigwera ife a banja limodzi la kuno ku Ntcheu m'caka ca 2025, pakuti nthenda imene inalowa m'nyumba mwathu ikhoza kulowanso mwa yense wa inu, ndimo si bwino kuyamba kuiphunzira pa tsiku lomwelo la misozi, monga tinacitira ife.

Mudzi wathu uli pamwamba pa mapiri a kumadzulo, kufupi ndi malire a Mozambique, kumene mphepo ya Juni iboola bulangete, ndimo mbatata ya kacewere ndiyo ndalama yathu. Amalume athu, acimwene ao a mai athu, ndiwo anali mwini mbumba. Anali ndi zaka 63, koma thumba la mbatata anali kulikweza okha pa ngolo osaitana mnyamata. Anali nazo ng'ombe zisanu: ziwiri zokoka ngolo, zazikazi ziwiri, ndi thole limodzi. Ng'ombe zimenezi ndizo zinatiphunzitsa sukulu ife tonse, pakuti ngolo inali kutsitsira anthu mbatata kumseu, nibwera nayo ndalama ya fizi.

M'mwezi wa Januwale tinaona kuti aboola bowo lina pa lamba wao. Nsima anali kuisiya pakati, nati fungo la mafuta liwanyansa. Pambuyo pace kunadza kupweteka pansi pa nthiti, kumene kunali kupyola mpaka kumsana. Akagona cagada usiku kunali kukula, koma akakhala tsonga ndi kuweramira kutsogolo kunali kucepa. Ku cipatala cacing'ono anawapatsa mankhwala a zilonda za m'mimba kawiri. Sitiwaimba mlandu anthu aja, pakuti nthenda iyi pa ciyambi ifanana ndi nthenda zambiri za masiku onse, ndimo angakhale ku maiko a cuma ambiri aizindikira mocedwa. Koma pofika Epulo maso ao anasanduka acikasu, mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka, cimbudzi cinayera, ndimo thupi lonse linali kuyabwa kufikira kudzikanda ndi cisononkho. Pamenepo a ku cipatala ca pa boma anatitumiza ku Lilongwe kukajambulitsa m'mimba.

Inu amene mumasenda mbuzi mudziwa kuti kuseri kwa cifu kuli kanyama kofewa, koyererako, kogona copingasa. Mwa munthu kutalika kwace kuli ngati dzanja la munthu wamkuru. Adotolo akacha pancreas; ife timati kapamba, ngakhale dzina lomweli tilipatsanso ciwalo cina cija cimene citupa ndi malungo, ndimo ziwirizi nzosiyana. Nchito zace nziwiri: kacita madzi ogaya cakudya, makamaka mafuta, ndimo kacitanso insulin, imene ilamulira shuga m'mwazi. Njira ya ndulu yocokera ku ciwindi ipyola m'mutu mwa kapambayu. Tsono cotupa cikamera pamenepo cifinya njirayo, ndulu nibwerera m'mwazi, ndiko kucita cikasu kuja. Kuli opaleshoni yaikuru yocotsa mutu wa kapamba pamodzi ndi mbali ya matumbo, imene dotolo wina wa ku New York, dzina lace Allen Whipple, anailongosola m'caka ca 1935. Koma mwa odwala asanu, mmodzi yekha kapena osakwana ndiye apezeka nthawi ikalipo yakuti aicite. Cithunzi ca amalume cinaonetsa kuti khansa inali itafesa kale mbeu zace m'ciwindi.

Dotolo amene anatiuza mau awa anali mai wacicepere, wosafulumira. Amalume anamfunsa okha, nati, "Adotolo, musandizungulire. Kodi pali mankhwala?" Iye anati, "Bambo, mankhwala ociritsa palibe, kuno ngakhale kunja. Alipo ocedwetsa, ndimo alipo ocotsa ululu." Ndimo pokhala kuti mmodzi wa ife anaumirira kufuna kumva za ocedwetsawo, anatiwerengera pa pepala.

Tilemba ziwerengerozo pano, pakuti tinazisunga, ndimo zitithandiza kuganiza bwino. Poyesa mankhwala a nthenda yotere adotolo awerenga nthawi imene theka la odwala likali moyo. Mankhwala ochedwa gemcitabine, amene zotsatira za mayeso ace zinaturuka m'caka ca 1997, anaonjezera pa nthawi imeneyo masabata ngati asanu okha, ngakhale anacepetsanso ululu mwa ena. M'caka ca 2011 adotolo a ku France anayesa mankhwala anai ophatikiza, ochedwa FOLFIRINOX, pa odwala 342: olandira anaiwo anafika miyezi 11, olandira gemcitabine yekha miyezi 7 yosakwana. Koma mankhwala anai aja ngaukali. Asanzitsa, atsegula m'mimba, acepetsa asilikari a m'mwazi, ndimo apatsidwa kwa munthu amene akali kuyenda ndi kugwira nchito zace. Amalume, ndi cikasu cao cija, ciwindi cao sicikanatha kusefa mankhwala otere. Tinafunsanso za makina oocha zotupa, pakuti tinamva kuti cipatala ca khansa ca boma ciri pafupi kutsegulidwa ku Lilongwe, monga cinatsegulidwadi m'mwezi wa Julaye caka comweco. Dotolo anati makinawo adzapulumutsa ambiri, makamaka amai a khansa ya khomo la cibelekero, koma saciritsa khansa imene yamwazika kale.

Tinabwerera kwathu ndi mau olemera. Patapita masiku atatu, mbale wathu amene agwira nchito ku Johannesburg anatumiza uthenga pa lamya, kuti ku America kwapezeka mbulu wa mankhwala womwa kamodzi pa tsiku, umene ufooketsa khansa yomweyi ya kapamba. Mau aja anayenda m'banja ngati moto wa lupsa. Ndimo monga fisi amva kumene kwagwa nyama, sipanapite sabata, munthu wina wocokera kutauni, wobvala bwino, wolankhula Cizungu cosalala, anatipeza kupyolera mwa mnansi, nati iye ali nao mankhwala omwewo a ku America, olowa m'dziko mwa njira yace, ndimo mtengo wace ndi wa ng'ombe imodzi.

Apa tiyenera kuulula colakwa cathu. Amalume anali cigonere, ndimo ife, ana ao ndi ana a mlongo wao, tinagwirizana kuseri, tinagulitsa ng'ombe yaikazi imodzi osawauza. Tinalandira mabotolo awiri a makapisozi opanda dzina la wopanga. Anamwa masabata awiri. Kusanza kunakula, cikasu sicinasinthe, ndimo lamya ya munthu uja inaleka kulira. Tsiku limene amalume anaturuka ndi ndodo kukaona khola, anawerenga, nakhala cete nthawi yaitali. Sanatikalipire. Anangoti, "Ana inu, yamangamanga ija iri kuti?" Kufikira lero funso lija litiwawa koposa ndodo.

Potsatira manyazi amenewa, awiri a ife anabwerera kwa dotolo uja ndi botolo lotsala, nafunsa ngati nkhani ya ku America inali bodza lokha. Iye anati iai, nkhaniyo njoona, wonama ndi wogulitsayo. Ndimo anatimasulira motere. Thupi la munthu limangidwa ndi tizipinda ta moyo tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo. M'selo liri lonse muli kanthu kochedwa KRAS, kamene nchito yace iri ngati ya kapitao wouza anchito kuti, "Gawanikani, curukani," ndimo nchito ikatha akhala cete. Mwa odwala khansa ya kapamba oposa 90 pa 100 ali onse, kapitaoyu waonongeka, ndimo afuula usana ndi usiku osaleka. Anzeru anazindikira mlandu wa banja la kapitaoyu m'khansa za anthu m'caka ca 1982, koma kwa zaka zoposa 30 anasowa pomugwirira, pakuti ali wosalala ngati mwala wa mumtsinje. M'caka ca 2013 Kevan Shokat ndi anzace a ku San Francisco anapeza kampata pa mtundu umodzi wa KRAS woonongeka, ndimo m'caka ca 2021 mankhwala oyamba, ochedwa sotorasib, analoledwa ku America pa khansa ya m'mapapo. Koma mtundu umenewo upezeka mwa mmodzi kapena awiri okha pa odwala kapamba 100.

Mbulu umene mbale wathu anaumva ndi wina, wochedwa daraxonrasib, wopangidwa ndi kampani ya Revolution Medicines ya ku California, umene ugwira mitundu yambiri ya kapitaoyu pamodzi. M'mayeso oyamba zotupa zinafota mwa odwala ena, ngakhale ambiri anaturuka ziwengo pa khungu, ena zilonda m'kamwa, ena kutsegula m'mimba. M'caka ca 2024 anayamba mayeso akuru pa anthu oposa 400. Tsono m'miyezi imene amalume anali kudwala, mankhwalawa sanali kugulitsidwa m'sitolo iri yonse pa dziko lapansi. Ndimo mayeso akuru aja anali a odwala amene analandira kale mankhwala a m'mitsempha, nthenda nipitirira. Cotero amalume, angakhale akanakhala pa khomo peni peni pa cipatala ca ku America, sakanalembedwa.

Nkofunika kuti timvetse cimene mau akuti "mankhwala ali kuyesedwa" atanthauza, pakuti ife tinali kuyesa kuti ndi mankhwala amphamvu koposa amene olemera adzibisira. Si tero. Ndi mankhwala amene adotolo eni ace sanatsimikize. Poyamba awapatsa anthu makumi owerengeka, kufuna kudziwa muyeso umene thupi lipirira. Kaciwiri awapatsa ena ocurukirapo, kuona ngati zotupa zifota. Kacitatu atenga mazana a odwala, nawagawa pawiri mwa maere, gulu lina lilandira atsopano, lina akale, ndimo awerenga amene akhala nthawi yaitali. Wodwala sasankha gulu, ngakhale dotolo wace sasankha. Mankhwala ambiri a khansa amene ayamba ulendo uwu safika ku mapeto ace. Ena apezeka opanda phindu, ena oipa koposa akale.

Anationetsanso zizindikiro za mayeso oona. Wolowa m'mayeso salipira mankhwala oyesedwawo. Amuwerengera pepala m'cinenero cace, lonena zabwino ndi zoopsa zomwe, ndimo asaina mwa kufuna kwace. Akafuna kuturuka pakati, aturuka, osataya cithandizo cace ca masiku onse. Malamulo awa anabadwa m'misozi: pambuyo pa nkhondo yaikuru yaciwiri, adotolo amene anayesa zoopsa pa akaidi anaweruzidwa ku Nuremberg, ndimo m'caka ca 1947 kunalembedwa kuti munthu asayesedwe popanda kubvomera kwace, m'caka ca 1964 adotolo a maiko ambiri anaonjezerapo ku Helsinki. Kuno kwathu mayeso ayamba aloledwa ndi bungwe la National Health Sciences Research Committee kapena la COMREC la ku sukulu ya udotolo ku Blantyre, ndimo mankhwala ace ayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Munthu wobwera ndi botolo m'cikwama, wofuna ng'ombe, alibe ngakhale cimodzi ca zimenezi.

Panali nkhani inanso imene mbale wathu uja anatumiza, ya katemera wa khansa ya kapamba. Nayonso njoona, koma njaing'ono. Ku cipatala ca Memorial Sloan Kettering ku New York, dotolo Vinod Balachandran ndi anzace anali kucotsa cotupa, natumiza kacidutswa kace ku Germany, kumene kampani ya BioNTech inali kupanga katemera wa munthu mmodzi yekhayo. M'caka ca 2023 analengeza kuti mwa odwala 16, matupi a 8 anadzutsa asilikari olimbana ndi khansa, ndimo mwa iwo nthenda inacedwa kubwerera. Koma onse 16 anali a opaleshoni, amene cotupa cinacotseka.

Musaganize, abale, kuti tikuuzani kuopa mayeso. Iai ndithu. Tidziwa kuti m'midzi mwathu, munthu akamva za kutenga mwazi ndi kusaina pepala, akumbuka mbiri za anamapopa. Koma taonani zimene mayeso oona anabala m'dziko lathu lomwe lino. Mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anali m'gulu la mabanja 1,763 a maiko osiyana, amene m'caka ca 2011 anaonetsa kuti munthu wa kacirombo ka HIV akayamba msanga ma ARV, ngozi yopatsira mnzace icepa ndi 96 pa 100. Odwala khansa ya Kaposi a kuno analowa m'mayeso amene m'caka ca 2020 anatsimikiza kuti paclitaxel aposa mankhwala ena awiri amene anayerekezedwa nao. Katemera wa malungo, amene anayamba kuperekedwa kwa ana a Malawi m'mwezi wa Epulo 2019, anayesedwa poyamba pa ana a ku Lilongwe pamodzi ndi a maiko ena a mu Africa. Anthu amenewo anabwereka matupi ao, ndimo ife tidya zipatso zace. Cisoni cathu ndi cina: kuti pa nthenda ya amalume, khomo lotere sitinalipeza pafupi, pakuti mayeso a mankhwala atsopano a kapamba acitika makamaka ku America, ku Ulaya ndi ku Asia, kumene kuli makina oyesera KRAS wa wodwala ali yense.

Kunatsala nkhani ya India. Ena a ife anati tigulitse ng'ombe zinai zotsala, ndi dimba la kudambo, ndimo wa ku Johannesburg akongole kwa bwana wace, kuti amalume akwere ndege. Ulendo uno sitinapangane kuseri. Tinakhala pa mphasa pa khonde lao, mai athu, azakhali, ndi ife tonse, ndimo tinawauza zonse monga tinazimvera, ndi ziwerengero zomwe. Anamvetsera maso ali pansi, nafunsa, "Tsono ndikanka, akandipatsa ciani?" Tinati akayamba atsegula njira ya ndulu, ndimo thupi likalola akapereka mankhwala a m'mitsempha aja. "Ndimo ndikapeza miyezi ingati?" Tinati mwina iwiri, mwina inai, mwina osapeza kanthu. Anatembenukira kwa mai athu, nati, "Acemwali, miyezi inai ya ku dziko la eni, ndiri pa kama, osamva cinenero, ndiigule ndi sukulu ya ana atatu? Ngolo ikapita, mbatata yanu adzakutsitsirani ndani?" Mai athu analira, nati, "Acimwene, anthu adzati tinakutayani." Iwo anati, "Anthuwo abwere adzandifunse ndikali moyo."

Sitinena kuti yense asankhe comweco. Akanakhala munthu wa zaka 40, wa ciwindi cabwino, wa ana a m'manja, kapena ife tomwe tikanamkakamiza kulandira mankhwala aukali aja, pakuti miyezi inai kwa munthu wotere si kanthu kacabe. Tinena kokha kuti mwini thupi ndiye anasankha, atamva zoona zonse.

Azakhali anabvutika mumtima pa zinthu ziwiri: ngati kukana ulendo sikuli kudzipha, ndi ngati morphine, amene a ku cipatala anachula, sali mankhwala otsiriza munthu. Bambo wansembe atabwera kudzawadzoza mafuta a odwala, azakhali anafunsa zimenezi poyera. Iye anayankha kuti Papa Pius XII anaweruza kale nkhani zonse ziwiri m'caka ca 1957: kuti munthu akakamizidwa kulandira cithandizo ca masiku onse, koma sakakamizidwa cimene cilemetsa iye ndi banja lace kopitirira muyeso, ndimo kuti mankhwala oletsa ululu aloledwa kwa wodwala kwakayakaya, pokhala colinga ndi kucotsa ululu, osati kucotsa moyo.

Za morphine ameneyu tifuna kunenapo pang'ono, pakuti pa mankhwala onse tachula, ndiye yekha amene anafika m'nyumba mwathu nagwira nchito. Ngwamadzi, wa m'botolo, womwa pakamwa. Njira iyi yosungunula ufa wace m'madzi, kuti afike kwa osauka m'midzi, anaifalitsa mu Africa dotolo Anne Merriman, amene anayamba Hospice Africa ku Uganda m'caka ca 1993. Kuno kwathu nchito yosamala odwala osaciritsika inakula ndi Tiyanjane ku cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi Ndi Moyo ku Salima, imene mai Lucy Finch anatsegula m'caka ca 2007. Ndimo zipatala za pa boma ziri nao anamwino ophunzira nchitoyi. Ife tinalandira botolo lathu pa boma la Ntcheu osalipira. Namwino anatiphunzitsa kuyesa ndi kasirinji kopanda singano, ndi kupereka maora anai ali onse osadikira kuti ululu uyambe wabwera, pakuti ululu uli ngati moto wa chire, wosabvuta kuuzima ukali waung'ono. Anatipatsanso mankhwala ofewetsa m'mimba, cifukwa morphine amanga cimbudzi, ndi ena a kusanza. Masiku awiri oyamba amalume anali kuodzera. Pambuyo pace mutu unayera, ndimo kwa nthawi yoyamba cicokere Febuluwale anagona cagada kufikira tambala.

Anakhala nafe miyezi inai ndi theka. Cakudya cinali phala la madzi madzi, masupuni owerengeka kawiri kawiri, ndimo tinaphunzira kusawakakamiza, ngakhale kunali kobvuta kwa azakhali, amene kwa iwo mbale yobwerera yodzala inali ngati citonzo. M'mwezi wa Ogasiti anaitana ankhoswe, nagawa minda pamaso pa amfumu. M'mwezi wa Seputembala anatuma anyamata kuwanyamula pa mpando kunka nao ku nkhokwe ya mbeu, nasankha ndi manja ao mbatata zoyenera kubzala, nataya zoola, natiuza kuti thole lija tisalifule msanga. Anatisiya m'bandakuca wa Lacitatu lina m'mwezi wa Okutobala, mai athu atawagwira dzanja.

Titatha maliro, tinabweza ku cipatala morphine wotsala, monga namwino anatilangiza, ndimo iye analemba m'buku lace. Botolo la munthu wa kutauni lija tinalisiya kwa dotolo wa ku Lilongwe. Mbeu imene amalume anasankha tinaibzala ndi mvula yoyamba ya Disembala, m'munda wa kumtunda, ndimo manyowa ace tinatuta pa ngolo yao yomwe ija.